Nyundo Imene Inagona pa Boneti

Tsiku limene Yona anachotsedwa ntchito, anatuluka pageti la esiteti ali ndi theka la kachitsulo m'thumba. Theka linalo linatsala mu injini ya galimoto ya manijala.

Munali mu 2005. Yona anali atagwira ntchito ya umakanika m'wekishopu ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kuyambira ali mnyamata. Ankadziwa mathirakitala okoka masamba kupita ku fakitale, ndi malole akale aja amene amayamba atsokomola asanalire. Zitsulo zoterozo zimamva chinthu chimodzi: chikakana, umachimenya. M'wekishopu monsemo munalibe womenya molunjika ngati Yona, ndipo anzake anamutcha Nyundo. Dzinalo ankalikonda. Anali wa mpingo wa Adiventisiti, wosagwira chida kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, koma mabwana ankamulekerera chifukwa masiku enawo ankagwira ntchito ya anthu awiri.

Kenako manijala wamng'ono, a Stafford, anagula galimoto yaing'ono ya ku Japan, imodzi mwa zija zinayamba kuchuluka m'misewu zaka zimenezo. Itayenda miyezi ingapo inayamba kunjenjemera ikaima, pamtunda inkakwera ngati yanyamula njerwa, ndipo kanyali kachikasu kanayaka kuseri kwa chiwongolero. Makanika wina wa ku Blantyre anawauza pafoni kuti vuto ndi solenoidi ya kamushafuti, angoichotsa n'kuitsuka.

Kwa inu amene simunatsegulepo boneti, kamushafuti ndi ndodo yachitsulo imene imazungulira pamwamba pa injini n'kumatsegula ndi kutseka mavavu, timakomo tolowera mpweya ndi totulukira utsi. Solenoidiyo ndi kachitsulo kotalika ngati chala, kolowetsedwa m'dzenje la m'mbali mwa mutu wa injini. Ntchito yake n'kutsegulira oyilo ngati mpopi, kuti kamushafuti itsogole pang'ono kapena ichedwe pang'ono malinga ndi mmene dalaivala wapondera moto. Kamagwiridwa ndi bawuti imodzi yokha. Ngakhale mwana akhoza kuimasula.

Yona anaimasula. Anakoka kachitsuloko, kanakana. Anakokanso, kanakanabe. Ndiye anachita zimene manja ake ankadziwa. Analowetsa sikuludiraiva pansi pa mutu wake n'kumenya ndi nyundo. Kamodzi kokha, ndiponso mwaulemu. Mutuwo unathyoka n'kugwera m'dzanja lake, thupi n'kutsala mkati.

A Stafford sanakalipe. Anayang'ana chidutswacho, kenako anayang'ana Yona.

"Bambo Yona, iyi si thirakitala."

Galimoto inakokedwa kupita ku Blantyre, kumene anakaphwasula injini. Pa esiteti ntchito ikatha, nyumba nayo yatha. Yona, mkazi wake Ester ndi mwana wawo Happy anakweza katundu pangolo ya thirakitala imene iye mwini anaikonza, ulendo wa kwawo kwa mkazi, kwa Khwethemule.

Yona anachoka ndi funso limodzi, ndipo nanunso mukhoza kuliyesa. Chinthu chakakamira m'dzenje. Ukachikoka mwamphamvu chimathyoka, ukachisiya injini imafa, ndipo pogwirira pake m'pofewa kuposa chimene chachigwira mkatimo. Uchichotsa bwanji?

Kwa Khwethemule, Yona anasanduka mkamwini wopanda ntchito. Mwini mbumba pakhomopo anali Crispin, mchimwene wake wa Ester, amene ankagula nthochi m'midzi n'kumakagulitsa ku Limbe. Crispin anali ndi pakamwa posatopa.

"Mwadzuka bwanji a injiniya? Khasu langa laguluka, koma chonde alamu, musalikhudze. Ndikulifunabe."

Yona ankangoseka pang'ono, poti mlamu sumukwiyira pa nthabwala. Koma tsiku lina Crispin anabwera wosaseka.

"Alamu, ku esiteti ya kuseriku akulemba alonda. Ndalankhula kale ndi kapitawo. Ntchito yake ndi yabwino, palibe chothyola."

"Ine ndine makanika."

"Munali. Pano ndinu munthu amene akudya thukuta la mlongo wanga. Ndikupatsani mpaka mvula ikubwerayi. Ikagwa musanapeze chochita, mukavale yunifomu ya ulonda, apo ayi mukasake kokhala. Happy ndi wathu, atsala."

Aliyense amene anakwatira kuchikamwini akudziwa kuti mawu amenewo si nthabwala.

Ester anali atayamba kuthyola tiyi pa esiteti yapafupi. Ankabwera zala zitachita mikwingwirima yakuda, msana utauma ndi dengu. Tsiku lina akuchapa anapeza chidutswa chija m'thumba la thalauza.

"Bambo a Happy, kachitsulo aka mukuyenda nako ngati chithumwa, kakupatsani chiyani?"

"Kanandichotsa ntchito ndisakukadziwa ngakhale dzina. Sindikalondera matumba a feteleza kasanandiuze chimene kanakanira."

Ester anakayang'ana, n'kukabwezera m'thumba lonyowalo.

"Ndiye pitani mukakafunse. Pakhomo pano kakuyankhani ndani?"

Yona anakwera minibasi ya ku Limbe. Kuseri kwa msika kunali malo ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, mwini wake mayi Doris, mzimayi wolankhula mochepa amene ankadziwa injini iliyonse pamalopo ndi ngozi imene inaibweretsa. Yona anawapempha chinthu chachilendo. Azitsuka zitsulo zawo ndi kunyamula magiyabokosi tsiku lonse, malipiro ake akhale chilolezo chochotsa masolenoidi mu injini zakufazo.

Oyambirira anawathyola. Mayi Doris atapeza zidutswa zitandandalikidwa pathumba, anaima manja ali m'chiuno.

"Bambo, mwabwera kudzaphunzira kapena kudzabwezera?"

"Zonse ziwiri, mayi."

"Kubwezerako muchepetse. Zimenezo zimagulitsidwa."

Anachepetsa. Pang'onopang'ono manja ake anayamba kuiwala zimene anazolowera. Anaphunzira kuyamba wachotsa waya wa batire, kenako kudinikiza kadzino ka pulagi yamagetsi ya solenoidiyo m'malo moizula ndi mphamvu. Anaphunzira kupukuta fumbi lonse lozungulira dzenje asanamasule bawuti, kuti mchenga usagwere mu injini. Anaphunzira kugwira thupi lachitsulo, osati mutu wapulasitiki, ndi kupotokola uku ndi uku m'malo mokoka. Anazindikira kuti mkatimo muli kamphete kalabala kamene kamauma n'kumamatira kukhoma, ndipo kuti madontho a palafini amakafewetsa ukadikira pang'ono.

Koma panatsala chinthu chimodzi chosamveka. Injini za magalimoto a m'tauni zinkapereka solenoidi mosavuta. Zimene mayi Doris anazigula ku Thyolo ndi ku Mulanje zinkakana mpaka thukuta. Galimoto zofanana, zaka zofanana, zochokera dziko limodzi. Kodi chitsulo chimadziwa boma limene chikukhala?

Anatenga mutu wa injini wosweka kale n'kuucheka ndi sowo pakati pa dzenjelo. Mkatimo munali zinthu zakuda zouma ngati phula la mumsewu. Anazipala ndi chikhadabo n'kununkhiza, ndipo anakhala pansi pomwepo. Fungo limenelo analidziwa kuyambira unyamata wake. Anali oyilo wa thirakitala.

Nkhani yake ndi iyi. Kumaesiteti aliyense wogula galimoto amakhala ndi mnzake m'wekishopu, ndipo m'wekishopu muli mgolo wa oyilo wokhuthala wa mathirakitala. Oyilo ndi oyilo, amatero, nanga wokhuthalayo si ndiye wamphamvu? Koma tinjira ta oyilo mu injini zatsopanozi ndi topyapyala ngati udzu. Oyilo wolemera uja amayenda movutika, amapsa, n'kumata chilichonse. Ndipo munthu amene anathira oyiloyo m'galimoto ya a Stafford itangofika kumene, monyadira, ngati mphatso kwa bwana, anali Yona yemweyo. Msampha anautchera yekha, n'kudzaukodwa yekha.

Anaseka mpaka mayi Doris anabwera kudzaona ngati wadzivulaza.

Anabwerera ku Thyolo, n'kuika bokosi la zida pansi pa mtengo wa bulugamu pa Boma. Apa nkhani zambiri zolimbikitsa zimati makasitomala anakhamukira. Sanakhamukire. Mbiri ya galimoto ya manijala inali itafika kale paliponse, itanenepa m'njira. Ena ankati anathyola injini yonse pakati.

"Kwa Nyundo? Bola ndiikankhe mpaka ku Limbe," ankatero madalaivala.

Ankakonza njinga, mawilibala, tsiku lina chigayo. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Thyolo, ndipo Crispin ankaloza kumeneko akamadutsa.

Crispin anali atagula galimoto yakeyake, ya mtundu womwe uja wa a Stafford, yonyamulira anthu pakati pa Boma ndi Khwethemule. Yona atamuona akuthira oyilo wochokera m'chigubu cha mnzake wa ku esiteti, anamuchenjeza.

"Alamu, ameneyo adzakupherani galimoto."

"Malangizo a galimoto kuchokera kwa inu? Kumeneko n'kufunsa njira kwa wosochera."

Lachisanu lina masana, mvula yoyamba itanunkhira kale m'mwamba, Yona anaona anthu akukankha galimoto kulunjika pabulugamu paja. Pachiwongolero panali Crispin, nkhope itagwa. Anali atazungulira amakanika onse a pa Boma. Bizwick, amene anali ndi garaja yeniyeni ya malata, anatsegula boneti, anaona kachitsulo kaja n'kunena kuti zimenezi n'za ku Blantyre. Koma Crispin anali atalonjeza kunyamula mkwatibwi m'mawa mwake, Loweruka.

"Alamu, musaganize kuti ndabwera kwa inu. Galimotoyi yangofera pano."

"Yasankha bwino pofera. Tsegulani boneti."

Yona anachotsa waya wa batire. Anadinikiza kadzino, pulagi inatuluka. Anapukuta fumbi lofiira lozungulira dzenje, n'kumasula bawuti. Anagwira thupi la solenoidi ndi pulayazi yokulunga kansalu, n'kupotokola. Sinasunthe. Anadontheza palafini, anadikira, anayesanso. Inali ngati inabadwira momwemo. Pa zonse zimene anakumana nazo ku Limbe, panalibe yokakamira chonchi, chifukwa panalibe munthu wothira oyilo wa thirakitala mokhulupirika ngati Crispin.

Anthu anasonkhana. Pa Boma palibe chosonkhanitsa anthu ngati makanika amene akulephera. Wina anati aitenthe ndi moto, wina anati aimange ndi waya akoke anthu anayi. Bizwick naye anabwera, n'kuima kumbuyo manja atapinda pachifuwa. Mithunzi ya mabulugamu inali itawoloka msewu.

Crispin anapisa m'bokosi la zida n'kutulutsa nyundo.

"Alamu, kamodzi kokha. Mwaulemu. Mukaichotsa lero, nkhani ya ulonda yatha, sindidzaitchulanso. Mukalephera, Lolemba mukudziwa kolowera."

Tisanamizane, nyundo nthawi zina imagwira ntchito. Ku Limbe Yona anaonapo zina zikutuluka zamphumphu zitamenyedwa. Zinali zochepa, koma zinalipo. Kumenya kamodzi kukanatha kumubwezera dzina, khomo ndi mwana dzuwa lisanalowe. Dzanja lake linali litayamba kale kutambasuka, chifukwa chizolowezi sichipempha chilolezo.

Anayang'ana dzuwa. Linali litakhudza nsonga za tiyi wa kuphiri.

Anawerama n'kutapa dothi lofiira pomwe panatayikira madzi, analikanda, n'kuumba kakhoma kozungulira tsinde la solenoidi, ngati mmene ana amatchingira madzi a mvula. Anadzazamo palafini mpaka pakamwa, anaphimba ndi kansalu, n'kutseka boneti. Kenako analandira nyundo ija n'kuigoneka pamwamba pa bonetiyo. Anapisa m'thumba, anatulutsa chidutswa chakale chija n'kuchiika pambali pa nyundo.

"Galimoto ndi yanu, alamu, nyundo nayi. Mukafuna menyani nokha. Ine ndinamenya kale, ndipo chimene chimatuluka ndi ichi."

"Nanga mkwatibwi wa mawa?"

"Akwere ina. Akwatiwabe."

"Mukudziwa kuti mwadzithamangitsa nokha?"

"Sabata lalowa. Tionana Lamulungu."

Ananyamula bokosi lake n'kudutsa pakati pa anthuwo. Kumbuyo kunamveka kuseka, ndipo wina anati Nyundo wakalamba, akuopa nyundo yake yomwe.

Tsiku lotsatira Yona anakhala m'tchalitchi, koma musamufunse zimene abusa analalikira. Maganizo ake anali pa Boma, kumene munthu wokwiya anali yekha ndi nyundo. Pa nthawi ya nyimbo Ester anamugunda ndi chigongono.

"Mukuimba kapena mukumasula bawuti? Bukulo mulipotokola ling'ambike."

Potuluka, ali m'kanjira ka pakati pa tiyi, Yona anamuuza zonse zimene Crispin ananena. Ester anayankha akuyenda.

"Achimwene ndi mwini mbumba, koma si mwini miyendo yanga. Akakuthamangitsani tipita tonse, ndi Happy yemwe. Tiyi wothyola ali paliponse."

Lamulungu m'mawa Yona anafika pabulugamu paja n'kupeza Crispin atakhala pabampala ya galimoto yake, maso ali psuu. Nyundo inali pomwe anaisiya, mame ali mbuu pachigwiriro.

"Mkwatibwi anakwera lole ya nthochi," anatero Crispin asanapatsidwe moni. "Akuchikazi sakundilankhula. Bizwick anabwera dzulo kuti amenye iyeyo, ndinamubweza. Kenako nyundoyo ndinainyamula ndekha. Koma kachidutswa kanuka kamayang'ana munthu, alamu."

Yona anatsegula boneti. Palafini yense anali atalowa, dothi litauma. Analichotsa mosamala, anapukuta, n'kugwira thupi la solenoidi. Anapotokola kumanja. Palibe. Anapotokola kumanzere, ndipo anamva m'dzanja kusuntha kochepa kwambiri, koti woonerera sakanaona. Anabwerera kumanja, kumanzere, kumanja, osakoka, kungoinyengerera. Kenako inatuluka yonse yamphumphu, ndi kaphokoso ngati ka phazi lozuka m'matope.

Anaikweza m'mwamba kuti Crispin aione. Tisefa take ta oyilo tinali titatsekeka ndi phula lakuda lija.

"Nunkhizani."

Crispin ananunkhiza n'kuyang'ana kumbali.

"Ndamva, alamu. Musaonjezere."

Yona anaitsuka mpaka tisefa tinaonetsa kuwala, anaiveka kamphete katsopano kamene mayi Doris anamupatsa potsanzikana, n'kuibwezera. Anakhuthula oyilo wa thirakitala yense n'kutuma Crispin kukagula wopepuka wa m'botolo lomata. Injini italira, sinanjenjemere. Atayenda nayo mpaka pamtunda wa kumsika n'kubwerera, kanyali kachikasu kaja kanali katazima.

Crispin anatsika, n'kuzungulira galimoto yake ngati akuiona koyamba.

"Koma alamu, tandiuzani zoona. Dzulo lonse lija munachita chiyani kuti izi zitheke?"

"Palibe."

"Palibe?"

"Palibe. Ndipo sindinagwirepo ntchito yolemera ngati imeneyo."

Yankho la funso lija ndi limenelo. Chinthu chimene sungachikoke ndipo sungachisiye, umachifewetsa, n'kuchipatsa nthawi yoti chisiye chokha. Ku Limbe Yona ankadikira kanthawi kochepa, poti ntchito inkamudikira. Anali asanayesepo kusiya palafini tsiku lathunthu. Akuluakulu a mpingo atamva anati ndi mdalitso wa Sabata. Bizwick anati ndi palafini basi. Yona sanatsutse aliyense, koma kuyambira pamenepo solenoidi yokakamira ankainyika Lachisanu, n'kuuza mwini wake kuti abwere Lamulungu.

Mvula inagwa mlungu womwewo, ndipo nkhani ya ulonda sinamvekenso. Pakamwa pa Crispin, pomwe panathandiza kuwononga dzina la mlamu wake, panayamba ntchito ina. Aliyense wokwera galimoto yake ankamva nkhaniyi kuchokera pa Boma mpaka kwa Khwethemule, afune asafune, ndipo m'nkhanimo Crispin ankaoneka ngati munthu amene anakhulupirira mlamu wake kuyambira pachiyambi. Anayamba kubwera aphunzitsi, anamwino a ku mishoni, madalaivala a kwa Nchilamwela. Pofika mu 2009 bokosi la pansi pa mtengo lija linali litasanduka garaja ya malata, ndipo Ester anali atasiya dengu la tiyi n'kumagulitsa oyilo wopepuka pakhomo la garajayo. Anthu ankapatchabe kuti kwa Nyundo. Nyundoyo inapachikidwa pamsomali pamwamba pa chitseko, pamodzi ndi chidutswa chija, ndipo inkatsitsidwa kukabwera thirakitala basi.

Tsiku lina panaima galimoto yonjenjemera, kanyali kachikasu kakuyaka. Anatsika a Stafford, tsitsi litayamba imvi. Anapereka moni mwaulemu, akuyang'ana pansi pang'ono. Yona anawayankha bwinobwino, anatsegula boneti, anasolola kandodo koyezera oyilo n'kununkhiza. Fungo linali lomwe lija.

"Bwana, iyi si thirakitala," anatero. "Bwerani Lamulungu."

Inu amene mukuwerenga muli ndi chidutswa chanu m'thumba. Mwina ndi mayeso amene anakukanani, mwina ndi ntchito imene munaiwononga ndi manja anu anthu akuona, ndipo mpaka lero akukutchulani ndi dzina la tsiku limenelo. Musachitaye chidutswacho, ndipo musalole kuti akulembeni ulonda wa moyo wanu womwe. Pitani nacho kumene kuli injini zakufa, muchifunse mpaka chiyankhe. Adzakupatsani nyundo, adzati kamodzi kokha, dzuwa likulowa ndipo anthu akuseka. Igonekeni pa boneti. Asiyeni aseke, inu mtima musautaye. Lamulungu m'mawa mudzabwere ndi pulayazi.